Kalata Imene Inali Kuseri kwa Chithunzi Chanu

Bambo, lero zakwana zaka zisanu chichokereni inu pakati pathu. Chovala chanu cha labala cholowera m'madzi chija chikadali pa msomali kuseri kwa chitseko. Chauma, chayamba kung'aluka m'mapewa, koma palibe amene walimba mtima kuchichotsa.

Zaka zinayi zapitazi chikumbutso chanu cha m'nyuzipepala ndimalemba ndine, mwana wanu wachisamba, poti onse amati wasukulu ndine. Ndimalemba mizere yochepa yokoma, yoti munali mzati wa banja, yoti imfa yanu inatidzidzimutsa, yoti chakudza sichiimba ng'oma. Mzere womalizawo unali bodza. Chanu chinaimba ng'oma katatu konse, ndipo ine ndinaimva. Chaka chino amayi andiuza kuti ndilembe zonse, ndisasiye theka. Ndiye mundipirire, Bambo, chikhala chachitali, ndipo chambiri mwa icho ndi manyazi anga.

Ndiyambe ndi zokoma, chifukwa zinalipo zambiri. Amene akuona chithunzi chili pamwambachi akuona munthu akuseka, galasi lakumaso ali nalo pachipumi, madzi akuyenderera m'ndevu. Anzanu akuntchito ankakutchani a Katumbu. Zaka makumi awiri ndi ziwiri munkatsika pansi pa damu ndi botolo la mpweya kumsana, kukachotsa zipika ndi zinyalala pa zitsulo zotchinga kukamwa kwa mapaipi, ndi kukapapasa zitseko za madzi ngati zayamba kudyeka. Munkati pansipo ndi mdima wokhawokha, munthu amaona ndi zala. Singano ikawagwa amayi, inu munkatsinzina dala, n'kugwada, n'kuipeza ife tikadayang'ana ndi maso athu awiri. Mukatero munkafuna tikuwombereni m'manja ngati mwapha mkango.

Munali munthu wosunga lamulo. Munkati pansi sipaopsa, poopsa ndi pobwerera. Munkatenga botolo la chakumwa cha thovu, kuligwedeza, n'kutiuza kuti magazi a munthu amene wakhalitsa pansi pa madzi ali chonchi: mpweya walowerera m'kati, ukatsegula mwamphamvu thovu liphulika, ukatsegula pang'onopang'ono mpweya utuluka mwakachetechete. N'chifukwa chake pokwera munkaima pa chingwe, kulendewera pamenepo mphindi zanu zonse, ngakhale kuzizira kukulowereni m'mafupa. Mnzanu wosunga nthawi m'bwato, amene tonse timamutcha a Wotchi, amanena mpaka lero kuti sanakuoneni mukudumpha mphindi ngakhale imodzi. Botolo lomwelo munkaweruza nalo milandu yapakhomo. Ine ndi mzime wanu tikakangana, munkangoloza pakamwa panga n'kunena kuti, mayi, tsegulani pang'onopang'ono.

Mukafika pakhomo cha m'ma fayifi, amayi amakhala atatereka kale mphika waukulu uja wa madzi. Munkakhala pa kampando kuseri kwa nyumba, iwo n'kumakuthowani m'mapewa ndi kumsana ndi nsalu yoviika m'madzi otentha kwambiri, inu mukubuula monamizira kuti akusendani khungu. Ndi mmene amayi ankanenera kuti amakukondani, pakuti ndi pakamwa sanena. Masiku ena munkabwera ndi mawanga pamimba ndi pamapewa, ofiirira, ena obiriwira ngati mwamenyedwa, oyabwa. Ife tinkaseka, timvekere bambo abwera ndi mapu a dziko. Mzime wanu ankaloza ndi chala kufunsa kuti kwathu ndi pati pamenepo. Inu munkati ndi chovala chothina basi. Tinkaseka chinthu chimene chinali kukuphani.

Koyamba chinali chizungulire, munagwira khoma masana onse. Kachiwiri dzanja lamanzere linachita dzanzi mpaka tsiku lotsatira. Kachitatu anzanu sanamvere zoti muli bwino. Anakutengerani ku chipatala chakutali chija, kumene kuli chithanki chachitsulo chimene amatsekeramo munthu n'kupopa mpweya kuti thovu la m'magazi lisungunuke. Munatulukamo muli wamphumphu. Koma dokotala wakumeneko sanakhutire. Anaona buku lanu la nthawi, anaona kuti simunalakwitse kalikonse, ndipo anati munthu wosunga lamulo chonchi sadwala katatu popanda chifukwa. Anakulemberani kalata yoti mukapimitse mtima, ndipo anati musalowenso m'madzi mpaka mutapimidwa.

Kalata imeneyo simunawaonetse amayi. Munabwera nayo kwa ine. Nthawi imeneyo ndinali chaka chachiwiri ku sukulu ya anamwino, ndipo munali mutayamba kale kunditcha Adokotala. Munandiitanira kuseri kumene tinkayanika zovala, munaitulutsa m'thumba la malaya itapindidwa kanayi, munati, Adokotala, tandimasulirani, anthu awa akuti mtima wanga uli ndi chibowo. Munaseka ponena, koma sikunali kuseka kwanu kwa masiku onse. Ndinali ndisanakuoneni mukuopa chinthu.

Ndinaiwerenga mothamanga. Mawu aakulu aja ndinawazindikira, chifukwa tinali titangowaphunzira mwezi womwewo, ndipo mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe kuti ndikudziwa chinthu chimene bambo anga sakudziwa. Ndinakufotokozerani ngati mphunzitsi. Ndinati mwana aliyense ali m'mimba amakhala ndi kabowo pakati pa zipinda ziwiri za pamwamba za mtima, akabadwa kamatsekeka, koma mwa anthu anayi alionse mmodzi kamatsala kotsekeka mosakwanira. Ndinati anthu otere amakalamba mpaka kuyenda ndi ndodo osadziwa n'komwe. Ndinati si matenda. Zonsezo zinali zoona, Bambo, ndipo n'chimene chimandiwawa kwambiri. Nkhope yanu inamasuka, munapuma mozama, munati ndiye madokotala amangoopseza anthu. Munandiuza kuti ndiisunge penapake amayi asaione, angasiye kugona. Ine ndinachotsa chithunzi chanu pakhoma, ndinatsegula timisomali ta kumbuyo, ndinaika kalatayo pakati pa chithunzi ndi katoni, n'kuchipachikanso.

Patapita milungu iwiri ndinabwerera ku sukulu ndipo ndinawerenga tsamba lotsatira la buku lathu la maphunziro. Linali tsamba limodzi lokha, Bambo. Limanena kuti kwa munthu woyenda pamtunda kabowoko n'kosadetsa nkhawa, koma kwa wolowa pansi pa madzi nkhani ndi ina. Timathovu timene timapangika m'magazi pokwera timayenera kupita kumapapo, kumene timasefedwa n'kutuluka ndi mpweya. Pakakhala kabowo, makamaka munthu akadzikakamiza ponyamula cholemera, timathovuto timadutsa chidule, timalambalala mapapo, n'kulunjika ku ubongo, ku khutu, ku msana ndi ku khungu. Panali ndi chithunzi cha mimba ya munthu. Anali mapu a dziko aja.

Ndinatseka bukulo. Foni ndinali nayo m'thumba. Koma mlungu womwewo munali mutandiyimbira muli ndi anzanu, mukuwauza mokweza kuti inu muli ndi dokotala wanuwanu wa m'nyumba, ndipo wakupimani ndi maso wakupezani muli bwino kuposa anyamata. Ndinawamva akuseka, ndinamva a Wotchi akuti mwana wanu ameneyu ndi mutu. Ndiye ndikanayimba n'kunena chiyani? Kuti mutu uja unawerenga theka la nkhani? Ndinadziuza kuti nkhani ngati iyi si ya pafoni, ndidzanena ndikapita kwathu. Nditapita, ndinadziuza kuti ndidikire mukhale nokha. Mutakhala nokha, ndinaona kuti mwatopa. Miyezi inayi inatha chonchi. Zengerezu analinda kwawukwawu, ndipo ine sindinazengereze chifukwa chosadziwa. Ndinkaopa kuchepa pamaso panu.

Tsiku lija linali Lachinayi, ine ndili pakhomo pa tchuthi. Munatsika kawiri, munakwera mwa lamulo, ndipo a Wotchi akuti mutangovuuka munathandiza kukweza mabotolo a mpweya m'galimoto, awiriawiri, monga mwa chizolowezi chanu. Munafika kunyumba dzuwa likadali pamwamba, munati pansi pakuzungulira pang'ono. Munavula malaya, ndipo mawanga anali atadzaza mimba yonse mpaka m'nthiti. Amayi anathamanga ndi mphika wawo. Ine ndinaima pakhomo la khitchini, ndikuona nthunzi ikukwera pamsana panu, ndikudziwa kuti madzi otentha sayenera munthu wotere, ndikudziwa kuti mukufunika kugona chagada, mpweya wa kuchipatala ndi galimoto nthawi yomweyo. Kuti ndinene zimenezo ndikanayenera kunenanso za kalata, pamaso pa amayi. Ndinadziuza kuti katatu konse zinatha zokha. Ndinakupatsani madzi akumwa. Panatha maola awiri.

Kenako munafuna kuimirira, miyendo inakana. Munandiyang'ana, munayesa kunena Adokotala, koma mawuwo anatuluka opindika. Apo m'pamene ndinakuwa. Msewu wa ku chithanki chachitsulo chija ndi wautali, ndipo tinafika mutasiya kale kuyankha. Munakhalamo, anakutulutsani, anakubwezeramo. Loweruka m'mawa munatisiya.

Kuchipatalako namwino wina anafunsa amayi zimene tinachita mutafika pakhomo. Iwo anayankha mosabisa kuti anakuthowani ndi madzi otentha monga mwa masiku onse. Namwinoyo sananene choipa, anangopukusa mutu pang'ono n'kulemba. Amayi anakuona kupukusa mutuko, ndipo anakunyamula zaka zisanu. Mphika waukulu uja anaupereka kwa anthu. Akakhala pansi amayang'ana zikhatho zawo. Kangapo anandiuza kuti, mwana wanga, bambo ako ndinawapha ndine ndi manja angawa. Ine ndinkawagwira paphewa n'kumati ayi amayi, inali nthawi yawo. Ndinkanena zimenezo titakhala pansi pa chithunzi chanu.

Si amayi okha amene anasenza katundu wanga. Anthu anayamba kunong'ona kuti a Katumbu anakalamba, anayamba kuvuuka mothamanga. Ena anati wosunga nthawi ndiye anasokoneza mphindi. A Wotchi anasiya kukwera bwato, anapempha ntchito ya m'nyumba yosungiramo zida, ndipo zaka zonsezi akamadutsa pakhomo pathu ankavula chipewa osalowa. Dzina lanu la munthu wosunga lamulo linada, ine ndili ndi sopo m'manja. Ndinamaliza sukulu, ndinavala yunifolomu yoyera, ndipo tsiku lililonse ndimauza odwala kuti asabise kanthu kwa dokotala.

Chithunzi chanu ndinachisandutsa changa. Kupukuta fumbi ndimapukuta ndine. Chaka chilichonse pokapereka chikumbutso ku nyuzipepala ndimachijambula ndi foni chili m'galasi momwemo, n'chifukwa chake zaka zinayi zonsezi nkhope yanu imatuluka ndi kuwala kwa zenera pachipumi. Amayi ankayamikira kwa anzawo kuti mwana uyu ankawakonda bambo ake, salola munthu kukhudza.

Chaka chatha mzime wanu, amene tsopano ndi bambo wandevu ndipo ali ndi mkazi, analowa ntchito yanu yomwe. Anati akufuna akayeretse dzina lanu pa damu lomwelo. Ndinamuletsa ndi zifukwa zonse kupatula chenicheni. Ndinati ndi waulesi sangathe, ndinati mkazi wake adzamuthawa, ndinati aganizire amayi. Iye anangoseka kuseka kwanu kuja, amvekere, achemwali, tsegulani pang'onopang'ono. Ndinkadziwa kuti kabowoko nthawi zina kamayenda m'banja. Ndinakhalanso chete, ndipo apa ndilibe ngakhale chonamizira chakuti ndinali mwana.

Mwezi wathawu, Lamlungu titachoka kopemphera, anabwera kudzationa. Ankadzikanda pamimba, ndipo atakweza malaya kuti awaonetse amayi, anati taonani, nanenso ndayamba kubwera ndi mapu a bambo. Amayi anakhala pansi pomwe anaima. Ndikufuna ndikuuzeni kuti ndinathamangira kukhoma nthawi yomweyo, koma ndalonjeza kusanama. Ndinali ndikusakabe mawu oyambira, monga kale. Iye, pofuna kusintha nkhani kuti amayi asalire, anati chaka chino chikumbutso cha bambo chituluke ndi chithunzi chooneka bwino, osati chowala pachipumi chija, achichotse m'galasi akachijambulitse kwa odziwa. Ndisanadzuke anali atachitsitsa kale. Anapinda timisomali, ndipo kalata inagwera pamiyendo pa amayi.

Amayi anaitambasula, anaona dzina lanu, anaona tsiku, anawerengera miyezi pa zala. Sanafunse kuti anaiika ndani, chifukwa m'nyumba yonse wokhudza chithunzicho anali mmodzi. Mzime wanu anaitenga, anandipatsa, ndipo anati, Adokotala, tatiwerengereni. Dzina limenelo linali lisanamveke m'nyumba mwathu chichokereni inu. Ndinaiwerenga nditaimirira, mzere uliwonse, ndikumasulira, mpaka pamene dokotala analemba ndi kudula mzere kunsi kuti munthuyu asalowe m'madzi asanapimidwe. Kenako ndinanena za tsamba lotsatira lija, za miyezi inayi, ndi za maola awiri. Nditamaliza amayi anafunsa funso limodzi lokha, kuti, ndiye si madzi anga aja? Ndinati madzi otentha sanathandize, koma inu simunkadziwa, amene ankadziwa ndine. Anadzuka, analowa kuchipinda, ndipo kwa masiku khumi ndi limodzi sanandilankhule.

Lolemba lake mzime wanu sanapite ku damu. Ndinamuperekeza kwa dokotala wa mtima, ndipo ndinafotokoza ndekha nkhani yonse pamaso pa anthu amene ndimagwira nawo ntchito. Anamubaya mu mtsempha madzi a mchere okhala ndi timathovu, anamuuza kuti akankhe mpweya ngati akunyamula cholemera, ife tikuyang'ana mtima wake pa kanema. Ndinaona ndi maso anga timathovu tikudzaza mbali imodzi, kenako tikuwolokera mbali inayo kumene sitiyenera kufika. Ali nako, Bambo, ndipo dokotala akuti si kakang'ono. Kaya inu munali nako sitidzadziwa motsimikiza, pakuti kupima kumene kukanatiuza ndinakutsekera kuseri kwa katoni. Kupimako kunatenga nthawi yosakwana ola limodzi.

Iye ali moyo. Wasiya kulowa m'madzi, akudikira tsiku loti amutseke kabowoko ndi kachipangizo kolowetsera mu mtsempha wa pantchafu, ndipo za kubwereranso pansi adzanena ndi madokotala, osati ine. Pakadali pano akusunga nthawi m'bwato. Anapita yekha kwa a Wotchi ndi kalata ija, ndipo akuti mkuluyo anaiwerenga kawiri, anavula magalasi, n'kulira ngati mwana pakati pa mabotolo a mpweya. Mlungu wotsatira a Wotchi analowa m'nyumba mwathu koyamba pa zaka zisanu. Ndinagwada kuwapepesa. Anati dzukani mayi, ine ndakhululuka, koma zaka zanga zija sizibwerera. Sananame, madzi akatayika saoleka.

Tsiku la khumi ndi chiwiri amayi anandipeza ndikuchapa. Sananene kuti andikhululukira, ndipo sindinawafunse. Anati chikumbutso ulembe ndiwe monga kale, koma ulembe zonse, chifukwa kunjaku kuli akazi ena amene akutereka madzi madzulo ano, ndi ana ena amene akuseka mapu pamimba pa bambo awo. Ndiye kwa inu amene mukuwerenga, ngati muli ndi wanu wolowa pansi pa madzi, akabwera ndi mawanga otere, kapena chizungulire, kapena dzanzi, musamuthowe ndipo musadikire, thamangani naye kuchipatala. Ngati zamuchitikira iye atasunga lamulo lonse, akapimitse mtima.

Bambo, amayi akukusowani, ndipo dzulo anagula mphika wina waukulu, akuti ndi wochapira, ife sitinafunse. Mzime wanu ndi mkazi wake akukusowani. Akuyembekezera mwana, ndipo iye adzakhalapo kudzamunyamula. A Wotchi akuti ndikuuzeni kuti buku lanu la nthawi analisunga, mulibe cholakwika ngakhale chimodzi, ndipo amene ananong'ona awerenge pano kuti a Katumbu sanavuuke mothamanga. Ine ndikukusowani ndi nkhope yogwa. Munabwera kwa ine ndi mantha anu, ine ndinakupatsani theka la tsamba. Ndikhululukireni, ngati kumene muliko kukhululuka kumatheka.

Chithunzi chabwerera pakhoma. Amayi alamula kuti kalata ija ikhale kutsogolo, m'galasi momwemo, pansi pa ndevu zanu, poti aliyense wolowa aione. Tsopano amapukuta fumbi ndi iwo.

Sitidzakuiwalani, Bambo, ndipo ine sindidzaiwala maola awiri aja.

Mwana wanu wachisamba, m'malo mwa amayi, mzime wanu ndi banja lonse.